Jekete la Neide Arakaki

Neide Arakaki anabadwira ku Brazil, koma agogo ake anali Ajapani, ndipo nkhope anatengera iwowo. Atafika ku Hamamatsu, mzinda wa ku Japan, ali mtsikana, anthu ankamulankhula ngati mnzawo, koma akangomva lilime lake ankayang'ana kumbali. Wakalambira m'fakitale ya mabuleki a galimoto akadali waganyu. Kontirakiti ikatha amamupatsa ina yaifupi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: ntchito yokhazikika, mawondo asanamuthere.

Fakitaleyo itagulidwa ndi kampani ya ku Ulaya, eni atsopano analamula kuti antchito a mitundu ina azikwezedwa, ndipo zioneke pachithunzi. Bwana Kuwabara, woyang'anira gawo lake, anamuitana.

"Mayi Arakaki, mwayi wanu ndi uno. Mukaima kutsogolo pachithunzi, za ntchito zija zatheka."

Dalva, mnzake wapamakina, wochokera ku Brazil komweko, anaseka. "Amwali, mukatchuka musatiiwale ife amafuta m'zikhadabo."

Tsikulo Neide anasita jekete lake lantchito, lomwe linali lopsa pamkono. Wojambula wochokera ku Tokyo anasuzumira m'kamera, n'kucheukira Kuwabara. Sananong'one n'komwe.

"Bwana, mlendo uja ali kuti? Awatu akuoneka ngati azakhali anga enieni. Ku Ulaya akaona chiyani?"

Kuwabara anakoka mpweya m'mano. Kenako anatumiza uthenga kuofesi, kukabwera Annelies, mtsikana wa ku Holland wophunzitsa mabwana Chingerezi, watsitsi ngati ndevu za chimanga. M'fakitale anali asanapondemo. Jekete analibe.

"Mayi Arakaki, pepani kwambiri," anatero Kuwabara ataweramitsa mutu mpaka pansi. "Tibwerekeni lanulo."

Munthu wamkulu ndithu, waimvi, kupempha zoterozo mwaulemu wonse. Neide anavula. Anaima kukhoma ndi sikipa yokha, akuonerera mtsikanayo akumwetulira, buleki atagwira chozondotsa. Palibe anamuuza kuti aitembenuze.

Chithunzi anachipachika pageti, chachikulu ngati chitseko. Neide anadikira mpaka anatopa, n'kupita kukafunsa.

"Kulikulu akondwa zedi," anatero Kuwabara, maso ali patebulo. "Koma ntchito yokhazikika, eee, n'zovutirapo. Mukudziwa kale, anthu akunja inu. Anzanu achijapani sangamvetse."

Anamupatsa kontirakiti ina yaifupi. Jekete analibweza litachapidwa, litakulungidwa m'pepala lokongola, pamwamba kabokosi ka masiwiti.

Neide anaponyera Dalva kabokosiko. "Idya, mwali. Ine akundichititsa nseru."

"Nanga ntchito?"

"Akuti ndine mlendo."

"Pachithunzi paja anati chiyani?"

"Anati ndine azakhali awo."

Dalva analavula siwiti m'bini.

Jeketelo Neide sanalivalenso. Analing'amba nsanza, ndipo mpaka lero amapukutira makina. Pageti amadutsa m'mawa uliwonse. Mkono wopsa wa jekete lija umaoneka bwino pachithunzi.