Mitengo youma ya m'munda wa azungu

Kunja pang'ono kwa boma la Mchinji kunali munda wa mitengo umene tonse tinkangouti wa azungu. Anaudzala mzungu wina dziko lisanadzilamulire. Anaudula pakati ndi njira ziwiri zopingasana: kumtunda anaika mitengo yakwathu, mbawa, mlombwa, muwanga ndi muwawani, kumunsi, cha kukhwawa, yobwera, jakaranda, bulugamu ndi nsungwi zonenepa ngati ntchafu. Mtengo uliwonse unali ndi kachidutswa ka lata kolembedwa dzina lake. Akwati ankajambulitsa pansi pa jakaranda, ndipo amalonda ochokera ku Chipata ankatsamiritsa njinga pa mbawa kuti apumeko.

Matipate atabwera, mundawo unaperekedwa kwa komiti ya anthu asanu. Ine nthawi imeneyo ndinkatumiza nkhani ku nyuzipepala, ndipo ndinkadutsa m'mundamo popita ku positi. Lamulo la komiti linali limodzi: mtengo wamoyo sudulidwa, wouma wokha ndiwo uikidwa chizindikiro cha penti yofiira n'kugulitsidwa kwa ocheka matabwa.

Chaka chimenecho mitengo inayamba kuuma msanga modabwitsa. Ndinawerenga isanu ndi iwiri nyengo imodzi yamvula.

Wapampando wa komiti, bambo wamagolosale awiri, sanachedwe kuloza munthu. Anati mlonda wa mundawo, mkulu amene anakhala m'kanyumba ka pachipata kwa zaka zambiri, amalowetsa asing'anga kudzasenda makungwa. Anampatsa mwezi umodzi: mtengo wina ukauma, ntchito yatha, nyumbanso atulukemo.

Kunena zoona, inenso ndinamkayikira. Ndinali nditaonapo amayi akutuluka pachipata chake ndi timitolo m'nsalu. Ndinapita kwa mlondayo ndi kope langa.

“Mwabwera kudzandimaliza, atolankhani?” anatero.

“Ndabwera kudzafunsa, achikulire. Asing'anga amalowa muno?”

“Amalowa. Mayi anu omwe analowapo, mukudwala m'mimba muli kamwana. Tiyeni.”

Ananditengera pa muwawani. Thunthu lake linali ndi zipsera ziwiri zazitali ngati dzanja, zomatidwa dothi.

“Dzuwa limatulukira kuti?”

Ndinaloza.

“Ndiye onani. Sing'anga amasenda kum'mawa ndi kumadzulo basi. Akasenda kwina, amati mankhwala sagwira. Akatha amamata dothi. Mtengo uwu ausenda ine ndisanamere imvi, koma taonani masambawo.”

Kenako tinapita pa zitsa ndi mitengo youma ija. Iliyonse inali yosendedwa kuzungulira thunthu lonse, m'munsi kwambiri, pobisika ndi udzu, ndi chikwanje. Ndinalemba mayina a pa timalata: mbawa inayi, milombwa itatu. Panalibe muwawani, panalibe bulugamu. Yonse inali mitengo ya matabwa okwera mtengo, yowongoka, ndipo yonse inali pafupi ndi njira yoti lole n'kufika.

“Matenda osankha chonchi munawaonapo?” anafunsa mlonda.

Chimene chinandiimitsa chinali mlombwa wina kumapeto kwa njira. Masamba ake anali obiriwira, utomoni wofiira unali ukuchuchabe pabala, koma penti ya komiti inalipo kale pathunthu, youma gwa. Wina anaulemba kuti wafa usanafe.

“Penti imasungidwa kuti?”

“Kwa apampando.”

“Burashi amagwira ndani?”

Anayang'ana kumbali. “Ine. Ndimapaka pamene andiuza.”

“Uwu munapaka muli kuona masamba?”

“Bwana akati paka, mumati masamba?”

Yankho limenelo silinandikhutiritse. Munthu amene amadziwa chipsera chilichonse cha muwawani sangalephere kumva chikwanje masana m'munda umene amakhalamo.

Wapampando ndinampeza kusitolo. Anandipatsa botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kundiuza kuti kale anthu ankaopa kulankhula, koma tsopano aliyense wokhala ndi cholembera akudzitenga wapolisi. Za penti anati mlonda amapaka yekha. Nditafunsa za lole yotuta matabwa anati saidziwa, ngakhale kuseri kwa sitolo kunkamveka fungo la matabwa aawisi.

Ndinalemba nkhani yonse, ndi mayina a mitengo ndi mmene inasendedwera. Mkonzi anachotsa ndime ya penti, ati palibe umboni. Nkhaniyo inatuluka ili timizere tochepa tonena kuti mitengo ikuuma ku Mchinji.

Mlombwa uja unauma mwezi usanathe. Mlonda anachotsedwa Lolemba, katundu wake anakwera ngolo kupita kwawo ku Kapondo. Pachipata panalowa mphwake wa wapampando.

Patapita chaka ndinafika ku Kapondo pa nkhani ya mitengo yogulitsira fodya, ndipo ndinafunsa njira ya kwa mkulu uja. Ndinkafuna kupepesa kuti nkhani yanga sinamthandize. Ndinampeza akusoka fodya pakhonde la nyumba yaudzu, koma chitseko chake chinali cha mlombwa, chatsopano, chokhuthala kuposa cha ku banki.

“Chitseko chabwino, achikulire.”

“Mkamwini anagula ku Chipata.”

“Anabwera nacho panjinga?”

Anaseka, n'kundiuza kuti ndikhale pansi, kukubwera mtedza. Ndinakhala, ndinadya. Kupepesa kuja sindinapepese.