Mafoni m'beseni la a Mama

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi za mahotela. Satifiketi inali itagona m'sutikesi, mwana wanga Tadala atayamba kale kukwawa, bambo ake ali ku Joni osatumiza ngakhale moni. Mnzangayo atandiuza kuti pa loji ina ku Senga Bay akufuna wokonza zipinda, sindinafunse zambiri. Anangowonjezera kuti mwini wake ndi mneneri, ndipo antchito onse amapemphera kwa iyeyo. Ndinati pemphero silipha munthu.

Ntchitoyo ndinkaikonda. Mlendo akatuluka umatsegula mawindo, kuchotsa mabedishiti, kuwaviika m'madzi a sopo wa ufa, kenako kusesa mchenga umene alendo amabwera nawo kumapazi. Kukolopa kumabwera pomaliza, ukubwerera chakumbuyo kulowera kukhomo kuti usapondenso ponyowa. Shiti yosita umaikoka mpaka makwinya athe, makona n'kuwapinda pansi pa matiresi, neti n'kuimangirira m'mwamba.

Koma panali malamulo amene kukoleji sanatiphunzitse. M'mawa uliwonse tinkagwada pamaso pa mkazi wa mneneriyo, amene tonse tinkawatchula kuti a Mama, n'kuika mafoni athu m'beseni. Ankati mawu a kunja amadetsa kudzoza kwa a Papa, mneneriyo. Wofunsa chifukwa ankatchulidwa paguwa Lamlungu kuti ali ndi mzimu woukira. Ine ndi mantha angawa ndinkangoti ameni.

Tsiku lina ndikuyanika matawulo, ndinaona amayi anga akutsika pa kabaza pageti, Tadala ali kumsana. Ndiwo ankandisungira mwanayo ku Maganga.

"Iwe, foni yako ili kuti? Taimba mpaka kutopa. Tamugwire mwanayu."

Thupi linali moto, khosi lili lende, kuyamwa akukana. Ndinathamangira kwa a Mama kukapempha kuti ndipite naye kuchipatala. Sanadzuke n'komwe pampando.

"Mwana wanga, a Papa akusala kudya, atuluka madzulo. Kamugoneke kochapira, umupake mafuta odzozedwa. Ukapita kwa adokotala usanalandire mawu, wadzichotsa wekha m'manja mwa Mulungu." Kenako anatsitsa mawu. "Ndipo mayi akowa usamale nawo. A Papa anaona kale kuti mavuto ako akuchokera kwanu."

Ankanena amayi anga, amene anasiya mpunga wawo mbalame zikudya kuti andibweretsere mwana. Mtima unandiwawa, komabe temberero ndinkaliopa ndithu. Nditatuluka ndinapeza amayi ataimbira kale abusa a mpingo wathu wa kumudzi, munthu wachikulire woyenda pa njinga yakapalasa. Amayi anandipatsa foni kuti ndilankhule ndi abusawo.

"Mayi a Tadala, mukudikira chiyani? Kwerani kabaza. Ine ndizipemphera ndikupalasa, tikakumana kuchipatala konko."

Ndinavula epuloni, n'kubwerera m'nyumba, n'kutenga foni yanga m'beseni a Mama akuyang'ana. Kuchipatala anamubaya pachala: malungo. Anamwino anatikalipira chifukwa chochedwa, n'kumuika diripu. Abusa anafika malaya atanyowa ndi thukuta, anapempherera mwanayo mwachidule, n'kukhala pa benchi ndi amayi. Sanandifunse chifukwa chimene ndinasiyira mpingo wawo. Pochoka anangoti, "Mankhwalawo amalize onse, ngakhale ayambe kusewera."

Tadala anachira, ntchito inathera pomwepo. Anzanga a pa loji tikakumana pamsika ku boma amayang'ana kumbali, chifukwa anauzidwa kuti wondipatsa moni atenga tsoka langa.

Pano ndimakonza zipinda pa hotela ina. Koma Tadala akangotsokomola, mtima umadumpha kuti mwina temberero lija lafika, ndipo chimenechi ndicho chimandikwiyitsa koposa: ndinachoka m'manja mwawo, mantha awo ndinachoka nawo. Ndikaona mtsikana akutamanda munthu wa Mulungu amene safunsidwa funso, amene amamudanitsa ndi abale ake, ndimamuuza mosabisa. Mtsogoleri amene akufuna kuti mwana wodwala adikire mpaka iye atuluke m'chipinda sakuweta nkhosa. Akuweta dzina lake.