Uta wanga aseme wa dzanja liti?

Loweruka lapitali ndinalasa chandamale cha munthu wina. Osati kamodzi. Katatu.

Zinachitikira ku Indianapolis, m'kasitolo kena ka mauta cha ku Speedway. Kuseri kwa sitoloyo kuli chipinda chachitali ngati khonde la sukulu, kumene wofuna kugula uta amayamba wauyesa. Mwini sitolo, bambo wachikulire wa ndevu zotuwa, anandipatsa uta wophunzirira nandiimika pamzere. Kumanzere kwanga kunali mkulu wina waphee, mivi yake itathithikana pakati pa chandamale chake ngati machesi m'bokosi.

Ndinaima monga mabuku ananenera. Ndinakoka nsinga monga mabuku ananenera. Nditaisiya, muvi wanga unanyalanyaza chandamale changa n'kukakhala pa cha mkulu uja, ngati mlendo wolowa pa ukwati wa eni.

Wachitatu utafika komweko, mkuluyo anatsitsa uta wake, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndingakonde kuti tisinthane malo, poti zikuoneka kuti chandamale chakecho ndachikonda.

Mwina mukufunsa kuti bambo wa ku Chiradzulu, wa imvi zake, wochapa nsalu pa nyumba yosungirako okalamba ku South Bend, akufunanji ndi mauta. Funso ndi labwino. Yankho lake ndi a Mbewe.

A Mbewe ndiwo anali mnzanga wa bawo. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkakhala m'khitchini mwanga kudyana nkhomo mpaka dzuwa kupendeka. Chaka chatha anapeza ntchito yabwino ku Indianapolis, nasamukira ku Lawrence, m'mbali mwa mzindawo, ndi banja lonse. Bawo anandisiyira. Koma kodi munayesapo kusewera bawo nokha? Umapambana, inde, koma wogonjayonso ndi iwe yemwe.

Ndiye m'nyengo yozizira, chipale chitatseka misewu, ndinkathawira ku laibulale. Ine sukulu ndinalekera Fomu 2, koma chilichonse cholembedwa ndimawerenga, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala a chifuwa. Tsiku lina ndinakumana ndi buku la kaponyedwe ka mivi mwachikale, kopanda magalasi oyang'anira kapena timawilo tothandiza kukoka. Ndinaganiza kuti nawa masewera a munthu ngati ine. Mpira umafuna gulu, bawo imafuna mnzako. Uta umafuna iwe ndi chandamale basi.

Ndinawerenga mpaka ndinakhala katswiri wosagwirapo uta. Ndinasankha mtundu umene kuno amautcha rikevu: nsonga zake ziwiri zimapindikira kutsogolo, osati kwa woponya ngati mauta a kwathu. Ndinadziwa kuti woyamba kumene asatenge uta wolimba, kuopa kuphweteka phewa. Ndinatsimikizanso chinthu chimodzi: uta wanga woyamba ukhale wopangidwa konkuno, ndi munthu woti ndingamuone nkhope.

Apa m'pamene tinasemphana ndi a Mbewe. Iwo ankati ndigule wa kutsidya la nyanja, uja womasula zidutswa zitatu.

"Achimwene, mukuoda chinthu chosalowa m'sutikesi? Nanga pobwerera kumudzi mudzachita kuukumbatira m'ndege?"

Si iwo okha. Tonse tili choncho. Tikaima m'sitolo sitiyeza chinthu ndi nyumba imene tikukhalamo, timachiyeza ndi sutikesi. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, koma m'nyumba mwanga mulibe chinthu choti sichingapindidwe. Uta umenewu ndinkafuna ukhale chinthu choyamba chogulira kuno, chokhala kuno.

Mwini sitolo uja amasema yekha mauta m'shedi ya kwake. Amamata timatabwa topyapyala ta mtengo wa kuno wotchedwa mepo, n'kupala, n'kukwecha, mpaka patuluke uta umodzi wathunthu. Pakati pake, pamwamba pa chogwirira, amagoba kashelefu kogonekapo muvi. Ngati umakoka nsinga ndi dzanja lamanja, kashelefuko kamakhala mbali ina. Ngati ndi lamanzere, mbali inayo. Akagoba wagoba. Mtengo subwerera.

Ine ndinali nditanena kale pa foni kuti wamanja. Ndani amaganiza kawiri pa funso lotere?

Koma ataona kumene mivi yanga inkapita, bamboyo anandilanda uta mofatsa. Anandiuza kuti nditambasule manja, ndisiye kabowo pakati pa zikhato, ndiyang'ane wotchi ya pakhoma kudzera pa kabowoko, kenako ndibweretse manja kumaso osaitaya wotchiyo. Ndinachita. Manja anga anapita okha pa diso lamanzere.

Anati diso limene limatsogolera kwa ine ndi lamanzere, pamene muvi ndinauika pansi pa lamanja; n'chifukwa chake unkathawira kwa eni. Anati alipo amanja enieni amene diso lawo lili chomwecho, ndipo amenewo amangotsinzina diso limodzi n'kupitiriza. Koma ngati ndinabadwa wamanzere, ndi bwino andisemere wamanzere, thupi likakumbuka lokha. Kenako anandifunsa, ngati nkhani yaing'ono, kuti ndili mwana ndinkagwiritsa ntchito dzanja liti.

Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Anati ndisafulumire, koma pofika Lachisanu ndimuimbire, chifukwa matabwa anga anali atamatidwa kale, akungodikira mpeni.

Madzulo ake ndinakagona kwa a Mbewe. Ndinawafunsa ngati anaonapo chachilendo pa manja anga. Anaseka, nati chachilendo chimene anaona n'chakuti manja anga onse awiri sadziwa bawo. Kenako analingalira, n'kunena zoona: tinadziwana tili kale ndi ndevu. Mmawa mwake pa tchalitchi ndinafunsa ena awiri atatu. Yankho lomwelo. Onse anandidziwira pa bwalo la ndege, kapena pa maliro, kapena pa phwando la ufulu wa dziko lathu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandionapo nditavala kabudula wong'ambika.

Inu amene mukuwerenga muli kuno, tayesani kuwerenga pa zala. Ndi angati m'dziko lino amene anakuonani muli mwana? Timadandaula za chipale, za mapepala, za mashifiti awiri otsatizana. Koma pali umphawi wina umene sitiutchula: kusowa mboni. Kumudzi mbiri yako siusunga wekha. Ili m'mitu ya anthu ena. Wina amadziwa kuti unachedwa kuyenda, wina amadziwa galu amene anakuluma. Kuno uli ngati buku limene masamba ake oyamba anathothoka. Aliyense amayambira pa mutu wachisanu.

Ndinayesa kudzifunsa ndekha. Legeni ndinkakoka ndi dzanja liti? Kalanga ine, anzanga akusaka mbalame ine ndinali pansi pa mtengo kuwerenga nyuzipepala yokulungira usipa. Ndikukumbuka lula ya aphunzitsi a Sitandade 1 ikugwa pa zala zanga. Koma lula ija inkagwa pa aliyense ngati mvula. Sindingalumbire kuti inkafuna dzanja langa lamanzere.

Mayi anga anamwalira, bambo anga anamwalira, achemwali anga amene anandibereka kumbuyo anatsatira. Otsala ndi azakhali anga okha. Ndinapita ku masitolo a ku Lafayette Square, mu Indianapolis momwemo, kukagula kadi yoimbira kunja, ndi kuimba pa foni ya mdzukulu wawo. Titatha moni, mvula, chimanga ndi amene adwala, ndinafunsa.

Mawu a azakhali anasintha.

"Wamanzere? Kubanja kwathu kulibe zimenezo. Mayi ako anakulera bwino. Akukuuza zimenezo ndani, azungu?"

Kadi inatha tisanapitirire. Ndinakhala m'galimoto foni ili m'manja. Tamvetsani yankho limeneli. Sanati sindinali wamanzere. Anati ndinaleredwa bwino.

Sindikuwaimba mlandu. Kwathu dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake imene sitiitchula pagulu. Sudyera, superekera moni, sulandirira mphatso. Mayi amene ankachotsa chikombe m'dzanja lamanzere la mwana wake n'kuchiika kumanja ankamuteteza kuti asadzasekedwe pa anthu. Akuluakulu amati kuwongola mtengo m'poyamba. Ndinaziona Loweruka lomwelo pa tebulo la a Mbewe: mdzukulu wawo atatenga supuni ndi lamanzere, agogo ake anaisamutsa osayang'ana n'komwe, nkhani ili m'kamwa. Mwanayo anadandaula m'Chingerezi, iwo anayankha m'Chichewa, supuni inakhala kumanja.

Ndi chikondi chimenecho, sindikukana. Funso langa n'lakuti: tikauwongola mtengo, ndani amasunga chikumbukiro cha mmene unalili? Owongolawo amaiwala dala, chifukwa kwa iwo ntchito inatheka. Wowongoledwayo anali wamng'ono, sakumbuka. Ndipo tikabwera kuno timapitiriza tokha. Timawongola lilime, timafupikitsa dzina kuti abwana asavutike, timaseka pamene ena akuseka. Zaka zikapita, munthu wachilendo akufunsa kafunso kakang'ono, iwe osadziwa yankho la thupi lako lomwe.

Ulendo wobwerera ku South Bend unali wautali kuposa masiku onse. Pa maloboti a ku Kokomo, amene amakuimitsa ngati ali nawe chifukwa, ndinkangoyang'ana manja anga pa chiwongolero. Ndinayesa kuwagwira m'chinyengo. Ndikande mphuno, ndione limene lipite. Koma dzanja ukaliyang'anira limachita manyazi. Onse awiri ankangodikirana.

Lolemba kunagwa chipale, mwina chotsiriza chaka chino. Nditaweruka ndinatenga fosholo kukonza kanjira ka pakhomo. Nyumba imene ndimakhala ndi yogawa pakati. Mbali inayo kumakhala Mayi Irene, mayi wamasiye wokalamba amene tsiku lonse amakhala pa zenera ndi nyuzipepala. Zaka zonsezi nkhani zathu zakhala za nyengo basi. Kwazizira lero. Inde, kwazizira.

Tsiku limenelo anatuluka kudzatenga makalata, nandifunsa kumene ndinasowera. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatsamira fosholo n'kuwafotokozera zonse: chandamale cha eni, kabowo ka pakati pa zikhato, azakhali, ndi Lachisanu limene linali kubwera ndilibe yankho. Ndinamaliza ndi kuseka, n'kunena kuti padziko pano sipanatsale munthu wodziwa dzanja langa.

Iwo sanaseke. Anayang'ana fosholo, kenako ine.

"Bwanji simunandifunse ine? Kiyi mumagwira ndi lamanzere. Chipale mumatayira mbali ya amanzere. Tsiku lija mphepo inakuulutsirani chipewa, munachiwakha ndi lamanzere. Lamanjalo mumalitulutsa mukazindikira kuti pali wokuonani, ngati malaya a ku tchalitchi. Malemu amuna anga analinso choncho."

Anayamba kukwera masitepe awo pang'onopang'ono, atagwira chitsulo. Pa chitseko anatembenuka.

"Muuzeni aseme wamanzere. Ndipo ukabwera mudzagogode, ndidzauone. Gogodani ndi dzanja lililonse, ine ndimakhalapo."