Mwala wa Patebulo la a Loya

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Uliwa, pamene ndinaphulitsa munthu diso.

Kumtunda kwa msika kunali chinyumba chosanja, cha mizati yoyera ndi khonde lozungulira. Mwini wake tinkangowatchula kuti a Loya. Anachimanga atatopa ndi makhoti a m'tauni, ndipo pakhondepo ankathandiza amphawi pa milandu ya minda.

Masana ena tikuchokera koika mnyamata amene anawombedwa ndi mphenzi, wina analoza a Yotamu, nkhalamba yosoka maukonde, n'kukuwa kuti, "Fwiti ndi iyo!" Abale inu, anthu omwe aja ankaimba nyimbo za Mulungu kumanda anayamba kutola njerwa. Nkhalamba inathawa magazi ali chuchuchu m'khutu, n'kukagwa pamasitepe a chinyumbacho.

A Loya anatuluka atavala vesiti, anaikokera m'kati, n'kuima pakhomo. "Amene waona ufitiwo ndi maso ake abwere anene," anatero. "Apo ayi, muyambe kupha ine."

Mawindo anasweka. Ena ankaitanitsa petulo. Ine, kamtsikana kamatama, katswiri wogenda mango, ndinatola mwala wosongoka kuti anyamata andione. Ndinalunjika a Yotamu amene ankasuzumira kumbuyo, koma mwala unapeza a Loya. Phwa! Anagwada, dzanja lili kumaso, magazi akutsikira m'chigongono, koma pakhomo sanachoke. Anthu ataona zimenezo anamwazika ngati nkhuku.

Patatha mwezi a Loya anandiitanitsa. Ndinapita ndikudziwa kuti kwanga kwatha. Mwala uja unali patebulo pawo, utapsinja mapepala.

"Tiwonge, mwana wanga, a Yotamu unawaona akuchita chiyani?"

"Palibe, adada."

"Nanga unagenderanji?"

"Onse amagenda."

"Onsewo sindikuwadziwa. Dzanja linali lako."

Sanandimenye, ngakhale bambo anga sanawauze. Bola akanandikwapula, chifukwa ndinalira njira yonse.

A Yotamu anafa ndi ukalamba, pamphasa pawo. A Loya anapita kumanda ndi diso limodzi, ndipo chinyumba chija lero mukugona mileme. Mwala anasiya mawu kuti andipatse ine.

Tsopano ndine mphunzitsi, ndipo mwalawo uli patebulo panga. Ana akabwera chigulu kudzaneneza mnzawo, ndimawaika pamzere n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti, "Iweyo waona chiyani?" Ambiri amayang'ana pansi, monga ndinachitira ine.