Kalata Imene a Dresa Anang'amba

Mwana wanga wamkazi woyamba anali ndi zaka zisanu pamene anayamba kugona masana, ngakhale cakudya cili m'kamwa. Atate ake anali pa nchito ku Halale. Ndinam'bereka kucokera kwa Mphuka mpaka ku Boma la Feira, kwa a dresa amene ankatipatsa mankhwala.

Anam'gwiragwira m'khosi, nandifunsa.

"Amai, kumunda kwanu kuli akashembe, nchenche zoluma zija?"

"Ali mbwee. Amaluma ngati singano."

"Uyu ndi wopita ku cipatala ca ku Lusaka. Lole ya nsomba inyamuka mawa."

Analemba kalata ya dokotala m'Cizungu, mizere itatu. Ataiwerenga, anaing'amba. Ndinayesa asintha maganizo.

"Mwang'ambiranji, bambo?"

"Ndalemba ngati ndilembera munthu wa kuno. Dokotala uja sanapondepo ku Feira. Akangoona kuti thupi likutentha, adzati ndi malungo, akupatseni kwinini, akubwezeni. Adzadziwa bwanji kumene mumalima?"

Anayambanso, akundifunsa pang'onopang'ono. Analemba za munda wathu wa m'thengo, za akashembe, za masabata amene mwana wakhala akuodzera, za kwinini amene anamwa kale osathandiza. Pepala linadzaza.

M'mawa anaitana dalaivala. "Iwe mkulu wa lole, dzina la matenda sindikuuza, ungakomoke. Imva izi basi. Mwanayu asakhale padzuwa pamwamba pa nsomba. Akagona, aziutsidwa amwe madzi. Ndipo usaime pa mowa."

"Ine mowa, a dresa? Ndinaleka Lacitatu!"

Kalata ya kwa amuna anga a dresa anailemba m'Cinyanja, ndipo ndinaiwerenga ndekha. Isanafike pa moni inayamba ndi mau akuti, "Mwana ali moyo." Anati munthu wa kutali akaona kalata ya cipatala amayamba kulira asanafike pa mzere waciwiri.

Nkhani imodzi, koma aliyense analandira yomuyenera. Njira yonse ndinkangoti, Ambuye, nzeru yotere munaiika bwanji mwa munthu?

Ku Lusaka dokotala anawerenga kalata ija kawiri, analoza mzere umodzi ndi cala, n'kuitanitsa singano. Tsiku lomwelo anapeza kuti ndi kaodzera. Tinakhala m'cipatala mpaka mvula inayamba.

Pobwerera, dalaivala yemweyo anandidandaulira kuti mwanayu salola munthu kupuma, wafunsa dzina la phiri lililonse. Ndinamuyankha kuti, "Musiyeni alankhule, acimwene. Mulungu ndi wabwino."