Nkhope Pansi pa Chinangwa

Ine za ndale sizinandilowepo m'mutu. Sikuti ndimadana nazo, iyayi. Zili ngati mpira wa pawailesi: ena akukuwa, ine ndikusenda chinangwa. Koma chaka cha chisankho munthu saloledwa kungokhala.

Ndinkagulitsa chinangwa pa Ulongwe, pansi pa mtengo wa mango pomwe pamaima maminibasi. Malo amenewo ndiwo ankadyetsa adzukulu anga, poti wapaulendo amagula kwa amene ali pafupi ndi windo. Zipani ziwiri zinabwera kudzagawa nsalu, ine n'kulandira konsekonse. Nsalu ndi nsalu. Ina ndinapinda nkhata, ina ndinayala pansi n'kuunjikapo chinangwa.

Woyandikana nane anali mayi wa tomato. Tinkamwera madzi m'chigubu chimodzi, koma za kunyumba kwanga sindinamuuzepo. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa.

"Anganga, inu muli mbali iti?"

"Mbali ya mthunzi," ndinatero.

Sanaseke.

Masana kunafika anyamata achipani. Wamkulu wawo, mwana woti ndinamuona akukwawa, anakankha chinangwa ndi phazi mpaka nkhope ya pansalupo inaonekera, ili dothi lokhalokha.

"Agogo, abwana athu mwawasandutsa mphasa?"

"Mwanawe, chinangwa chimafuna poyala."

"Nanga uyu mumasenzerayu ndani?" Anatola nkhata ija n'kuitambasula. Nkhope ina inatulukira. Wakabaza wina anakuwa, "Agogo ali pamitala!" Ena anaseka. Anyamata aja ayi.

"Mawa mubwere mutavala yathuyi, yochapa. Apo ayi, mthunzi uno ndi wa anthu odziwika mbali."

Anadziwa bwanji za nkhata? Ndinacheukira mayi wa tomato. Anali kalikiliki kusanja tomato wosanja kale.

Mwana wanga wokwatiwa ku Phalula anati pafoni, "Amayi, ingovalani, nsalu siluma." Iye sankadziwa kuti mlimi amene amandipikulitsa chinangwa ndi wa chipani chinacho, ndipo msika uli ndi maso. Ndikavala, chinangwa ndilibe. Ndikapanda kuvala, malo ndilibe. Ndinafufuza mumtima kuti mwina ndipezamo mbali yoti ndiivutikire. Munalibe. Anthu awiri a pansaluwo ndinkangowaona ngati alendo odutsa pagalimoto.

M'mawa ndinavala chitenje changa chakale chamaluwa, ndinatenga chiguduli choyala. Ndinapeza mayi wa tomato atayala kale mpaka pamalo panga, nsalu yachipani ili m'chiuno, anyamata aja atakhala pamizu ya mango. Ndinapitirira mpaka kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ngalande, padzuwa, pomwe minibasi imadutsa itayamba kale liwiro.

Chisankho chinadutsa. Nsalu zija anthu akuberekera ana, ena akusefera thobwa, palibe wofunsa. Koma malo anga sanabwerere. Mayi wa tomato amandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine ndimayankha bwinobwino. Madzi ndimabwera ndi anga.