Sofa ya Mafupa Kunja

Ku Woolwich, ku Ulaya, ndinkasamalira bambo wina wokalamba, mzungu, amene kale ankajambula mapulani a nyumba. Miyendo inali itawathera, koma pakamwa ayi. Pabalaza pawo panali sofa yakuda imene ndinkaiopa kuposa chilichonse m'nyumbamo.

Tsiku loyamba ndinaiyesa yosamaliza kupanga. Kwathu sofa yaulemu imakhala yonenepa, yamaluwa, matabwa ake obisika, pamwamba tinsalu toluka. Iyi inali makushoni achikopa amakona ngati njerwa, opanikizidwa m'khola la mapaipi onyezimira. Madalawo anandiuza monyadira kuti amisiri a ku Ulaya anaipanga dala choncho nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe. Akuti anaonera chitsulo cha njinga, nati mpando usamabise mafupa ake. Ankatinso pakati pa amisiriwo panali mayi wina amene anagwira ntchito yaikulu, koma lotchuka n'kukhala dzina la mwamuna. Apo pokha sindinawatsutse. Iwo ndi malemu akazi awo anaigula atangokwatirana, bedi asanagule n'komwe.

Vuto lake, sofayo inali yotsika, ndipo chikopa chinali chitafewa moti munthu ankamiramo. Mwana wawo wamkazi anali ataletseratu kuti bambo ake asakhalepo, naika kamera pashelefu. Lamulo la kuntchito kwathu nalo linali lachimvekere: wokalamba sumunyamula wekha. Viza yanga inali yomangirira pa ntchito imeneyo. Kuchotsedwa ntchito kunali kulongedza katundu kubwerera kwathu, chonsecho ana anga anali atangoyamba kumene sukulu ku Barking.

Masana ena ndikuchokera kukhitchini ndi tiyi, ndinawapeza atamira m'sofamo, mawondo m'mwamba, akumwetulira ngati mwana woba shuga. Kumwetulirako sikunakhalitse. Anayamba kubanika, milomo ikuda, thupi likupendekera kumbali. Ndinaimbira ambulansi, anati ali m'njira. Kenako ndinaimbira mnzanga wa ku Chipata amene tinkasinthana naye mashifiti.

"Iwe, don't lift!" anakuwa pafoni. "Akakugwela ni mlandu wa safeguarding, sponsorship ya viza yaenda. Wamvela?"

Ndinamva ndithu. Koma munthu akamabanika pamaso pako, manja sadikira lamulo. Ndinamasula chitenje chimene ndinkamanga pamwamba pa yunifolomu chifukwa cha kuzizira, ndinachidutsitsa kumsana kwawo ndi m'khwapa monga tinkadzutsira odwala kwathu, ndinaponda paipi yapansi ya sofayo, n'kukoka. Paipiyo sinagwedere n'komwe. Madalawo anadzuka nandigwera pachifuwa, mpweya ukubwerera pang'onopang'ono. Tinaima choncho tonse, kamera ikutiyang'ana.

Mlungu wonsewo chakudya sichinkalowa. Foni ikalira, ndinkayesa ndi akuntchito. M'sitima pobwerera kunyumba ndinkangoganiza mmene ndikawauzire ana kuti tikupita. Ndinali ndi mantha enieni.

Loweruka mwana wawo uja anabwera, nandiitanira kukhitchini. Anati waona zonse pakamera. Za chitenje sanazitchule msanga, anayamba wandifunsa funso: kodi bambo ake angakhalenso pa sofayo popanda ngozi? Ndinadziwa yankho limene ankafuna. Ndinadziwanso kuti madalawo akumvetsera, pakuti ndodo yawo inali itasiya kugogoda panja pa chitseko. Ndinaganiza za ana anga. Ndinati ayi, ndipo sindinaname.

Nkhani ya chitenje inathera pomwepo, ntchito yanga n'kupulumuka. Sofa anadzaitenga anthu ogula zinthu zakale, atavala magolovesi oyera, akuinyamula mwaulemu kuposa mmene ndinanyamulira mwini wake. M'malo mwake munabwera mpando wamagetsi wodzutsa munthu wokha.

Madalawo anakhalapo osadandaula. Koma kuyambira tsiku limenelo sanandiuzenso za mapaipi, kapena za akazi awo. Ndikawapatsa tiyi ankangoti zikomo, monga mmene munthu amanenera kwa mlendo.